Tikulira makina a impso, nanga magazi a odwalawo akuwateteza ndani?



Pa nkhani ya matenda a impso ife Amalawi tinagwirizana kale chinthu chimodzi, kaya ndife a chipani cholamula kaya otsutsa: tikufuna makina a dialysis ochuluka. Nduna ikapita kukadula riboni timaomba m'manja. Makina akawonongeka ku Lilongwe kapena ku Blantyre timachita phokoso, ndipo phokosolo ndi loyenera. Wachibale akafunika impso ina, ife a kunja timasonkha mapaundi, madola ndi marandi kuti akwere ndege ya ku India. Zonsezi sindikutsutsa. Koma ine monga namwino wogwira ntchito m'wodi ya impso kuno ku Mangalande ndikuona kuti tikufunsa funso limodzi pamene mafunso alipo awiri. Loyamba ndi lija lakuti makina alipo angati. Lachiwiri, limene sindinalimvepo pa msonkhano wa ndale, ndi ili: munthu akakhala pa makinapo ndi nthenda imodzi, tikutsimikiza bwanji kuti sadzachokapo ndi ziwiri? Paja akuluakulu anati walira mvula walira matope.

Ndifotokoze kaye pang'ono chifukwa ambiri dialysis mumangoimva. Impso zikasiya kugwira ntchito, kawirikawiri chifukwa cha shuga kapena BP, zoipa zimene zimayenera kutuluka ndi mkodzo zimatsalira m'magazi. Ndiye timamubaya munthu singano ziwiri zikuluzikulu pamkono, magazi amatuluka, amayenda m'timapaipi kukalowa mu sefa ya makina, n'kubwerera m'thupi atayera. Katatu pa sabata, maola anayi ulendo uliwonse. Werengani nokha: maulendo oposa 150 pa chaka, singano zoposa 300. Palibe wodwala wina m'chipatala amene magazi ake amatuluka panja pafupipafupi chonchi, komanso ali m'chipinda chimodzi ndi anzake amene nawonso magazi awo ali panja. Uyu akanyamuka pampando, wina ali kale pakhomo kudikira mpando womwewo. Apa ndi pamene tizilombo titatu toyenda m'magazi timapezera mpata: hepatitis B, hepatitis C ndi HIV.

HIV sindichita kukuuzani, tinaika maliro okwanira. Koma mungadabwe kumva kuti m'wodi ya dialysis, pa tizilombo titatuti HIV ndiye wofooka. Chilombo chenicheni ndi hepatitis B. Kachilomboka kamatha kukhala ndi moyo masiku 7 kapena kuposa m'kadontho ka magazi kouma, kosaoneka ndi maso, pa tebulo, pa batani la makina kapena pa chogwirira cha mpando. Kamalowa mwa munthu mosavuta kuposa HIV, ndipo kamadya chiwindi mwakachetechete kwa zaka mpaka chiwindi kuuma kapena kugwidwa khansa. Hepatitis C nayenso amadya chiwindi, ndipo iyeyu alibe katemera mpaka lero. Bungwe la WHO linati m'chaka cha 2022 anthu pafupifupi 254 miliyoni anali ndi hepatitis B, 50 miliyoni anali ndi hepatitis C, ndipo 1.3 miliyoni anamwalira chaka chimenecho. Ambiri a hepatitis B ali kwathu ku Africa ndi ku Asia. Koma kumudzi munthu akachita maso achikasu ndi kutupa mimba timathamangira kunena kuti ndi kachasu kapena amulodza, osaganizako zoyezetsa.

Musaganize kuti azungu anabadwa akudziwa zimenezi ayi. Dialysis itangoyamba kufalikira kuno ku Britain m'zaka za m'ma 1960, mliri wa hepatitis B unabuka m'mawodi a impso angapo. Pakati pa 1965 ndi 1971 anthu oposa 300 anautenga, odwala ndi ogwira ntchito omwe. Ku Edinburgh mu 1969 ndi 1970 kunafa odwala, kunafanso ogwira ntchito m'chipatala, mpaka anthu kumaopa kufunsira ntchito ku wodi ya impso. Boma linasankha komiti yotsogozedwa ndi Lord Rosenheim, ndipo lipoti lake linatuluka mu 1972. Tamverani zimene linanena: yezani odwala ndi ogwira ntchito nthawi ndi nthawi, amene ali ndi kachilombo asefedwe magazi paokha, chepetsani kuthira anthu magazi, valani zodzitetezera, pukutani malo, sambani m'manja. Basi. Katemera panalibe, anabwera m'ma 1980. Kompyuta panalibe. Koma miliri ija inatha ndi mwambo chabe wa kagwiridwe ka ntchito. Ichi ndicho chimandipatsa mphamvu yonena kuti nkhaniyi si ya mayiko olemera okha.

Lero kumene ndimagwira ntchito, wodwala asanakhale pa makina koyamba timamuyeza tizilombo tonse titatu, ndipo hepatitis B ndi C timayezabe miyezi ingapo iliyonse. Wopezeka ndi hepatitis B amakhala ndi chipinda chake ndi makina ake, ndipo namwino womusamalira sayenera kugwiranso odwala osatetezeka pa shifiti yomweyo. Aliyense amene alibe kachilomboka amalandira katemera, ndipo muyezo wake ndi wowirikiza kawiri poyerekeza ndi wa munthu wabwinobwino, chifukwa thupi la wodwala impso silimva katemera msanga. Tikatha timayezanso magazi kuona ngati katemerayo wagwira, ndipo mphamvu yake ikatsika timabayanso. Magolovesi timasintha pa wodwala aliyense. Mankhwala timakonzera kutali ndi mipando ya odwala. Chimene chafika pa mpando wa wodwala mmodzi sichibwerera pa shelefu. Ntchito yotopetsa, yosatchuka, yopanda riboni. Koma ndi imeneyi imene imasunga anthu.

Anthu ambiri amaganiza kuti matenda amadutsa m'kati mwa makina. Zimachitika, koma si kawirikawiri, chifukwa timapaipi ndi sefa zimene magazi amadutsamo zimakhala za munthu mmodzi. Njira yaikulu ndi manja athu ife ogwira ntchito. Golovesi imene yagwira mkono wa uyu n'kukadina batani la makina a uyo. Kabotolo kamodzi ka heparin, mankhwala oletsa magazi kuundana, kamene akutungamo odwala asanu. Kangolo ka mankhwala koyenda kuchoka pa bedi ili kupita pa bedi ilo. Mpando wosapukutidwa bwino chifukwa gulu lamasana lafika kale ndipo likudandaula za minibasi. Ku Egypt mu 1993 odwala ambiri pa malo awiri a dialysis anatenga HIV chifukwa chobwerekana majakisoni. Mwina muti ndi umphawi. Nanga Singapore? Mu 2015, pa Singapore General Hospital, odwala 25 a m'mawodi a impso anatenga hepatitis C, ambiri mwa iwo anali oikidwa impso ina, ndipo 8 anamwalira. Ofufuza anapeza kuti panali kulekerera pa ukhondo ndi pa kutsatira malamulo, komanso kuchedwa kudziwitsa akuluakulu. Dziko lolemera, zida zamakono, koma mwambo ukangophwasuka kachilombo sikayang'ana kuti dziko lili ndi ndalama zingati.

Tsopano tibwerere kwathu. Pali zabwino zimene tiyenera kuyamikira. Kuyambira 2002 ana a ku Malawi amalandira katemera wa hepatitis B pamodzi ndi akatemera ena a kusikelo. Tili ndi Malawi Blood Transfusion Service imene imayeza magazi asanaperekedwe kwa odwala. Dialysis ilipo ku Kamuzu Central ndi ku Queen Elizabeth, ndipo anamwino ndi madokotala ake ndimawavulira chipewa. Koma taganizani: amene amakhala pa makina ambiri ndi akuluakulu obadwa chisanafike chaka cha 2002, anthu amene katemera uja anawadutsa. Chachiwiri, wodwala impso amakhala wochepa magazi nthawi zonse. Kuno timamubaya jakisoni wa EPO wothandiza thupi kupanga magazi, amene anayamba kugwiritsidwa ntchito chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980 ndipo anachepetsa kwambiri kuthira magazi. Jakisoniyu ndi wodula. Kumene kulibe, wodwala amangothiridwa magazi kawirikawiri, ndipo thumba lililonse, ngakhale loyezedwa, lili ndi kachiopsezo kake. Kuwonjezera apo, kuthiridwa magazi kambiri kumachititsa thupi kudzakana impso ya munthu wina m'tsogolo. Ndiye kusagula EPO si kupulumutsa ndalama ayi, ndi kutenga ngongole imene adzabweze ndi wodwala.

Ine maphunziro anga a unamwino ndinachitira kumudzi, ndipo ndikudziwa tanthauzo la mawu akuti magolovesi atha pakati pa mwezi. Ndinaona anamwino abwino, akhama, akusunga peyala imodzi kuti ifike madzulo. Ndinaona bokosi lotayiramo singano litadzaza mpaka kusefukira chifukwa lina kulibe. Amenewa si anthu aulesi kapena osadziwa. Namwino mmodzi sangasambe m'manja moyenera pamene ma alamu atatu akulira nthawi imodzi ndipo pa mpope madzi sakutuluka. Choncho pamene ndikunena za manja a ogwira ntchito sindikuloza chala anzanga. Ndikuloza amene amakonza bajeti, amene amagula makina a mamiliyoni n'kuiwala mzere wa magolovesi, mankhwala opukutira, zoyezera magazi ndi malipiro a anamwino okwanira. Atsogoleri a mu Africa analonjeza ku Abuja mu 2001 kuti 15 peresenti ya bajeti izipita ku zaumoyo. Maboma asinthana, nkhope zasintha pa nsalu za chipani, koma lonjezo lija timangolikumbuka pa nthawi ya kampeni.

Nanga za kuikidwa impso ina? Apa ndiye pakutikhudza kwambiri ife a kunja chifukwa ndife timasonkha ndalama. Munthu akalandira impso ya wina amamwa mankhwala ofooketsa chitetezo cha m'thupi moyo wake wonse kuti thupi lisaikane. Tanthauzo lake ndi lakuti kachilombo kalikonse kamene kanagona m'thupi kamadzuka. Munthu amene anali ndi hepatitis B wosamuvutitsa akhoza kuwonongeka chiwindi m'miyezi yochepa ngati sanamuyambitse mankhwala oletsa. Komanso impsoyo ikhoza kubwera ndi katundu wake. Pali nthawi imene munthu wangotenga kumene kachilombo koma zoyezera sizinayambe kukaona. Ku Chicago mu 2007 anthu anayi anatenga HIV ndi hepatitis C kuchokera ku ziwalo za munthu mmodzi motere. Ku Taiwan mu 2011 anthu asanu analandira ziwalo za munthu wa HIV chifukwa zotsatira zinaperekedwa pa foni ndipo womvera anamva molakwika. Zimenezi zinachitika m'zipatala zovomerezeka, zokhala ndi malamulo. Nanga kuli bwanji kwa dobadoba amene akukulonjezani impso ya munthu wosamudziwa pa mtengo wotsika?

Ndinene mosabisa: kugula impso ndi mlandu pafupifupi dziko lililonse. India anakhazikitsa lamulo loletsa mu 1994, ndipo mu 2008 akatswiri a dziko lonse anagwirizana ku Istanbul zothana ndi malonda a ziwalo. Wogulitsa impso amakhala mmphawi wopanikizika ndi ngongole, ndipo alibe chifukwa chouza dokotala zoona za thanzi lake. Dobadoba naye alibe chifukwa chodikira zotsatira za labotale. Ku India kuli zipatala zabwino zedi zimene zathandiza Amalawi, makamaka opita ndi wachibale wopereka impso mwaufulu, ndipo sindikunyoza zimenezo. Ndikuti safunsa anadya phula. Musanatumize ndalama, funsani kuti impso ikuchokera kwa ndani, woperekayo ayezedwa chiyani ndipo liti, zikalata za zotsatira adzabwera nazo kapena ayi, ndipo akabwerera ku Chileka kapena ku KIA mankhwala ndi kuyezetsa kwa mwezi ndi mwezi alipira ndani. Opaleshoni ndi tsiku limodzi, koma kusamalira impsoyo ndi moyo wonse. Ambiri timasonkhera tsiku limodzilo basi.

Ndikudziwa ena muyankha kuti, amayi inu mwazolowera za ku UK, kwathu munthu akufa lero chifukwa chosowa makina, ndiye mukutiuza za chiwindi chimene chidzavute pakatha zaka khumi? Funsolo ndi lomveka, ndipo ndikuvomereza kuti munthu amene mapapo adzaza madzi usiku uno ayikidwe pa makina usiku womwewu, zotsatira zibwere pambuyo. Kunonso timatero, koma timamutenga ngati ali ndi kachilombo mpaka titatsimikiza, ndipo makinawo sagwiritsidwa ntchito pa wina asanatsukidwe mokwanira. Yankho langa lalikulu ndi la ndalama zomwezo. Pa zonse zimene zimalowa pa dialysis, kupewa ndiko kotchipa. Katemera wa hepatitis B ndi mmodzi wa akatemera otsika mtengo. Zoyezera zachangu zilipo. Sopo, magolovesi ndi jiki sizifuna ngongole ya ku IMF. Koma mliri ukalowa m'wodi imene ili ndi makina ochepa kale, ena mwa makinawo ayenera kupatulidwa, mzere wa odikira umatalika, anamwino amadwala kapena kuthawa, ndipo wodi ikhoza kutsekedwa. Dziko losauka ndi limene silingakwanitse mliri woterewu. Madzi akatayika saoleka.

Pali chinanso chimene ndikuopa, chakuti wina amve nkhaniyi n'kunena kuti ndiye a HIV ndi a hepatitis asamaikidwe pa makina. Ayi ndithu, kumeneko ndi kusankhana, ndipo sayansi siikugwirizana nazo. Wodwala wa HIV safunika ngakhale chipinda chakechake, ukhondo wa nthawi zonse ndi wokwanira. Ku South Africa anthu a HIV ankakanizidwa dialysis m'zipatala za boma, ndipo dokotala wina wa ku Groote Schuur ku Cape Town, Elmi Muller, mu 2008 anayamba kuika impso za anthu a HIV mwa odwala a HIV anzawo. Ambiri anamudzudzula, koma odwala ake ambiri anachira. America inachita kutsatira, kusintha lamulo lake mu 2013 ndi kuyamba maopaleshoni otere mu 2016. Nzeru yochokera ku Africa imeneyo, abale. Hepatitis C naye masiku ano amachizika: mapiritsi amene anayamba kutuluka mu 2013 amachiritsa anthu oposa 95 pa 100 aliwonse m'masabata 8 mpaka 12, ndipo alipo oyenera odwala impso. Hepatitis B sachizika kotheratu koma amagonekedwa ndi mankhwala, ndipo ena mwa mankhwalawo, tenofovir ndi lamivudine, ali kale m'ma ARV amene abale athu ambiri amamwa. Chenjezo langa apa ndi lakuti wodwala impso muyezo wa mankhwalawa umayenera kuonedwanso ndi dokotala, ndipo munthu amene ali ndi HIV ndi hepatitis B pamodzi asamangosiya ma ARV, chifukwa chiwindi chimatha kuyaka moto. Ndiye kuyeza si njira yothamangitsira anthu. Ndi njira yodziwira amene akufunika katemera, amene akufunika mankhwala, ndi amene akufunika mpando wakewake.

Kwa aphungu athu, makamaka a komiti ya zaumoyo ku Nyumba ya Malamulo, ndili ndi mafunso oti mukafunse a Unduna. Kodi wodwala aliyense wa dialysis, m'chipatala cha boma kapena cholipira, amayezedwa poyamba ndi pambuyo pake kangati pa chaka? Kodi odwala ndi ogwira ntchito onse, kuphatikizapo okolopa ndi otaya zinyalala, analandira katemera wa hepatitis B? Kodi pa mgwirizano uliwonse wogula makina pali ndalama za zoyezera, EPO ndi magolovesi za zaka zonse zimene makinawo adzagwire ntchito? Ndipo koposa zonse, kodi ndi odwala angati analowa alibe kachilombo n'kudzapezeka nako pambuyo? Nambala imeneyi izilengezedwa chaka ndi chaka, ngakhale ikhale ziro. Kubisa ndi kumene kumapha. Kuno ku Britain anthu pafupifupi 30,000 anapatsidwa HIV ndi hepatitis C kudzera m'magazi ndi mankhwala opangidwa ku magazi pakati pa 1970 ndi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, ndipo pafupifupi 3,000 anamwalira. Lipoti la Sir Brian Langstaff la mu May 2024 linati zambiri zikanapeweka ndipo choonadi chinabisidwa kwa zaka. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Kwa ife a kunja, tisamangotukwana boma. Tikamasonkha zothandiza zipatala timakonda kutumiza makina akale otayidwa kuno, kuti tijambulitse. Makina opanda zipangizo zake ndi opanda wokonza amangokhala pakona kusanduka tebulo. Bwanji osafunsa anamwino a kumeneko chimene chikusowa? Mwina ayankha kuti katemera wa odwala ndi ogwira ntchito chaka chino, kapena maphunziro a namwino mmodzi woyang'anira ukhondo. Ndipo inu amene muli pa dialysis kuno n'kumafuna kupita kumudzi ku maliro kapena ku tchuthi, pitani, ndi kwanu, koma uzani wodi yanu nthawi ilipo, onetsetsani kuti katemera wanu akadali ndi mphamvu, ndipo musakhumudwe mukabwerako n'kupatsidwa makina anuanu ndi kuyezedwa pafupipafupi kwa miyezi iwiri. Si tsankho, timachita chimodzimodzi ndi aliyense wochokera ku mayiko kumene matendawa ndi ochuluka.

Pomaliza, nonse amene munabadwa chisanafike chaka cha 2002, kaya impso zanu zili bwino, kayezetseni hepatitis B. Mukapezeka mulibe, bayitsani katemera. Mwina mawa ndinu amene mudzafunike kupereka impso kwa mchemwali wanu, kapena kukhala pa mpando uja. Ndipo tsiku lina nduna ikadzabwera ndi lumo lodulira riboni, wina aimike mkono afunse za magolovesi. Amene muli ndi maganizo osiyana, makamaka anzanga amene mukugwira ntchitoyi kumudzi, tiyeni tikambirane, mutu umodzi susenza denga.

Ndatha ine wanu,
Namwino wa ku Mangalande